Njerwa za M'khola

Miyezi isanu sitinakumbe.
Malemu bambo ankati m'chisanu cha ku Khangai
ndowe ndiye bulangete la mbuzi:
uzisiye ziunjikane, zizifunda pansi ngati mimba ya ng'ombe.
Ndinamvera. M'mawa uliwonse ndinkangopala
pomwe mkodzo waundana ngati galasi lachikasu,
n'kuwazapo zouma za m'thumba.

Koma lero chipale chasungunuka m'phiri,
mpanda wamiyala ukudontha,
fungo likundiluma m'maso ndisanatsegule n'komwe.
Chomwe chinazisunga chayamba kuzidya.

Sarnai, tulutsa mbuzi.
Yamba ndi tonde, zinazo zimutsatira.
Ya nyanga imodzi ija uimangirire padera,
yachezera kudzikhula pamtengo
mpaka paphewa pasalala ngati chikhatho.

Fosholo ikulowa monyinyirika.
Ndiponda, ndicheka mbali zinayi,
nditukula njerwa yolemera ngati mwana wa zaka ziwiri.
M'mbali mwake muli mizere.
Wakudawu ndi sabata ija ya mphepo, pomwe sizinatuluke.
Waudzuwu ndi tsiku lomwe ndinatenga mabelo awiri pangongole.
Apa pali tiubweya ta kamwana kaja kanafa kasanayamwe.
Nyengo yonse yagona muno, yopsinjika,
yosaiwala kanthu.

Pansi penipeni, pafupi ndi dothi,
ndapeza golovesi la Gombo.
Analifunafuna m'mawa uja ankapita kumgodi ku Gobi,
anakalipira galu wosalakwa,
nakwera lole dzanja limodzi lili m'thumba.
Lauma gwa, zala zopindika
ngati likugwirabe chingwe.
Ndaliika pamwala. Sarnai sanalione.
Ndikupitiriza kukumba.

Njerwa tikuzisanja kumpoto kwa khola
kuti zitchinge mphepo uku zikuuma.
Chisanu chikubwerachi zidzatiwiritsira tiyi wamkaka.
Kuno chimatayika ndi msana wokha.

Dothi lapansi lione dzuwa masiku atatu.
Phulusa ndathira m'makona
ndi m'ming'alu ya miyala
momwe tizilombo timadikirira mofatsa kuposa ine.

Kenako imodziimodzi, pakati pa maondo anga:
kuseri kwa khutu, m'khwapa, kunsi kwa mchira.
Nkhupakupa yakhuta ngati nyemba yonyika.
Ndiigwira pafupi ndi khungu,
ndikoka pang'onopang'ono kuti mutu usatsalire,
ndiponya m'chitini cha palafini chomwe mwanayu wagwira motalikitsa.
Amawerenga mokweza.
Pa makumi atatu ndi zinayi wasiya,
wati akadzakula adzagwira ntchito m'banki.

Nsabwe zokha sizigwirika ndi zala.
Zidikira Puntsag wa zaziweto ndi njinga yake yamoto.
Anati abwera Lachiwiri,
sananene Lachiwiri liti.
Ndatsegula zikope za nkhalamba yofiirira,
m'kati mwatuwa ngati pepala:
njoka zam'mimba zayamba kudya nawo.
Ndaipaka utoto wabuluu panyanga
kuti Puntsag akabwera tisaisowe.

Ogula ubweya afika mwezi wamawa ndi sikelo yawo.
Sadzafunsa za phulusa, kapena za matuza awa.
Adzangopisa dzanja m'thumba la ubweya,
adzanunkhiza, adzatchula mtengo akuyang'ana kumbali.

Dzuwa lalowa.
Mbuzi zagona pamalo atsopano, kumtunda kouma,
zikudandaula ngati alendo opatsidwa bedi lachilendo.
Ya nyanga imodzi yasiya kudzikanda, kapena yangotopa.
Manja anga ndasamba kawiri, akununkhabe khola.

Foni imagwira pamwamba pa chitunda pokha.
Ndikakwera mawa, Gombo adzafunsa zatsala zingati,
ndidzati zana limodzi ndi khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
adzakhala chete akuchotsera m'mutu.
Za golovesi sindidziwa ngati ndidzamuuza.

Ndalichapa ndi madzi otsala m'ketulo.
Lili pachingwe kuseri kwa hema, lokhalokha,
likudontha,
mphepo ikulitembenuzira kummwera.